Pumbwa amayimba, nanga dokowe bwanji ali zii?

Amayi mwafunsa zoona, kuti bwanji mbalame zina zimayimba mokoma mmamawa pomwe zina zimangokhala duu kapena kumangokuwa basi. Ine nkhani ya mbalame imandikhudza kwambiri ndiye mundipirire ndilembako zambiri.

Vuto limayambira pa mawu athu omwe, ife timangoti mbalame ikulira, kaya ndi khwangwala kaya ndi pumbwa. Koma kulira kwina ndi kochenjezana chabe kuti kabawi wafika kapena kuitana ana, ndipo uku pafupifupi mbalame iliyonse imatha, onani nkhuku ikaona mthunzi wa kabawi momwe imachitira. Nyimbo yeniyeni ndi ina, yaitali, yokhala ndi kakhotekhote, ndipo ili ndi ntchito ziwiri, kuuza amuna anzake kuti mtengo uno uli ndi mwini komanso kufunsira mkazi. Nchifukwa chake mvula ikayandikira cha mu Okutobala ndi Novembala phokoso limachuluka, ndi nyengo yomanga zisa.

Mawu a mbalame sachokera pakhosi ngati ife ayi, kali kachiwalo kotchedwa syrinx mkati pachifuwa pomwe njira ya mpweya imagawikana kupita ku mapapo awiri. Mbalame zoyimba, zomwe ndi pafupifupi theka la mitundu yonse padziko, zili ndi timinofu tambiri pamenepo moti zina zimatulutsa mawu awiri nthawi imodzi. Adokowe akuluakulu aja mumawaona ku Mfuwe mmbali mwa Luangwa timinofu timeneti ndi tosakhwima, ndiye akafuna kulankhulana pachisa amangogundanitsa milomo kuti gwa gwa gwa. Miimba nayo imangofwenthera pa nyama.

Koma chimene chimandigwira mtima ine ndi ichi, mbalame zoyimbazi zimachita kuphunzira, sizibadwa nayo nyimbo yathunthu. Kamwana kamamvera akuluakulu kenako nkumayeserera mobwebweta ngati mwana wathu akamayamba kuti tata, mama, mpaka kakhoze. Tambala ndi njiwa ayi, zawo nzobadwa nazo, olo muwalere okha adzalira chimodzimodzi.

Ndipo kuno kwathu kotentha si amuna okha oyimba, akazinso amayimba. Kuseri kwa nyumba yanga kuno ku Kapata kuli tchire la mpanda momwe mbalame ziwiri zimalandizana nyimbo, wina ayamba wina nkumaliza mwachangu mpaka mungaganize kuti ndi imodzi. Nchifukwa chake ndimawaletsa ana kulowa mmenemo ndi malegeni, mukapha imodzi inayo imatsala ikuitana yokha. Mawa mudzuke cha mma 05:00 musanayatse wailesi, mukhale pakhonde mumvetsere nokha.