Yankho: omniNames ikuyenda, koma client ya pa kompyuta ina ikungolandira TRANSIENT

Achimwene, ndibwereze kaye funso lanu kuti amene angofika kumene atsatire. Mwaika omniORB (pulogalamu yoyankhulitsa mapulogalamu a pa makompyuta osiyana mwa dongosolo la CORBA) pa seva ya Linux, mwadzutsa omniNames, yomwe ndi Naming Service yake, pulogalamu yanu ya C++ yalembetsa dzina lake bwinobwino. Client ikamayendera pa makina omwewo zonse zili myaa, koma mukaisamutsira pa kompyuta ina ikugwa ndi exception (uthenga wa cholakwika) yotchedwa TRANSIENT. Kuwonjezera apo, mutazimitsa seva n'kuiyatsanso, omniNames yakana kudzuka. Ndiye mukufunsa ngati kuli bwino kungochotsa zonse n'kuikanso.

Musachotse kanthu. Apa pali mavuto awiri osiyana, lachitatu likubwera m'njira, ndipo lalikululo silili mu omniNames n'komwe.

Naming Service ya CORBA ndi kaundula chabe. Imasunga dzina, pambali pake n'kusunga IOR, mndandanda wautali wa manambala ndi zilembo uja. M'kati mwa IOR muli adiresi ya makina, nambala ya port ndi object key. Client ikafunsa dzina, omniNames imaipatsa IOR monga momwe inailandirira, osaiyesa, osafufuza ngati mwini wake akadali moyo. Ikatero yasamba m'manja. Kuchokera pamenepo client imapita yokha ku adiresi yolembedwa m'katimo. Ndiye kuti maulendo alipo awiri: wina wopita kwa omniNames pa port 2809, wina wopita kwa pulogalamu yanu. TRANSIENT imangonena kuti sindinafike, koma siitchula kuti ndi ulendo uti.

Tiyambe ndi chosavuta, kukana kudzuka kuja. Mawu akuti -start ndi a tsiku loyamba lokha. Mukalemba

omniNames -start 2809 -datadir /var/lib/omninames

imapanga root context, foda yaikulu ya mayina onse, n'kulemba fayilo yotchedwa omninames-dzinalamakina.dat mu foda imeneyo. Ulendo wachiwiri ikaipeza fayiloyo imakana -start, ndipo ikuchita bwino, chifukwa ikadalola bwenzi mayina onse atafufutika. Mukachotsa -start pamene fayilo palibe, imakananso. Mu script yodzutsira seva lembani -start -always kuti izidzuka fayiloyo ilipo kapena palibe. Pa omniORB yakale kuposa 4.2 mawu ake ndi -logdir ndipo fayilo imathera ndi .log, choncho onani kaye imene muli nayo. Fodayo ikhale yoti akaunti yoyendetsa omniNames itha kulembamo. Chinanso chimene chimapusitsa anthu ambiri: dzina la makina lili m'dzina la fayilo. Mukasintha hostname, omniNames imafunafuna fayilo ya dzina latsopano, osaipeza, ndiye ndi -always imangoyamba kaundula watsopano wopanda kanthu mwakachetechete. Mawu akuti -nohostname amatseka dzenje limenelo.

Tsopano TRANSIENT. Khalani pa kompyuta ya client, osati pa seva, muyese ulendo woyamba pawokha ndi nameclt, chida cha omniORB chofunsira mayina. Tiyerekeze kuti seva yanu ili pa 192.168.10.5 ndipo dzina munalembetsa ndi malonda.ctx/Akaunti.obj:

nameclt -ORBInitRef NameService=corbaname::192.168.10.5:2809 resolve malonda.ctx/Akaunti.obj

Izi zikakanika ndi TRANSIENT, simunafike ngakhale pakhomo. Mwina firewall yatseka 2809, mwina omniORB.cfg ya pa kompyutayo mwangoikopera kuchokera ku seva ndipo mzere wa InitRef ukadali kunena localhost, ndiye client ikudzifunsa yokha. Pa Linux fayiloyi imakhala /etc/omniORB.cfg pokhapokha OMNIORB_CONFIG italoza kwina, ndipo mzere woyenera ndi uwu:

InitRef = NameService=corbaname::192.168.10.5:2809

Mzerewu ukasoweka kotheratu simulandira TRANSIENT ayi, resolve_initial_references imaponya NO_RESOURCES. Kusiyana kumeneku kumathandiza, musamakunyalanyaze.

Koma momwe mwafotokozeramu, ndikukayikira kwambiri kuti resolve idutsa n'kukulavulirani IOR. Itengeni yonse muipatse catior, chida choonetsa za m'kati mwa IOR. Pa zimene ituluke yang'anani mzere wokhala ndi mawu akuti IIOP, wooneka chonchi:

1. IIOP 1.2 172.17.0.1 41873

Mzere umodzi umenewu ndiwo mlandu wonse. Adiresi 172.17.0.1 ndi ya docker0, interface imene Docker imapanga m'kati mwa seva momwemo, ndipo kompyuta ina singaifikire. Makina akakhala ndi ma interface angapo, kaya a Docker, a VPN kapena makhadi awiri a netiweki, omniORB imasankha yokha adiresi yoti ilembe mu IOR, ndipo siidziwa kuti ma client anu ali mbali iti. N'chifukwa chake pa makina omwewo zikuyenda: kumeneko adiresi iliyonse ya sevayo ndi yofikirika. Nambala 41873 nayo ndi vuto palokha. Ndi port imene Linux yangotola pa nthawi yodzuka, mawa idzakhala ina. Ngakhale adiresi ikhale yolondola, firewall imene mwatsegulira 2809 yokha iletsa ulendo wachiwiriwu.

Mankhwala ake ndi kuuza pulogalamu yanu poyera adiresi ndi port pa nthawi yoidzutsa:

./seva_yanga -ORBendPoint giop:tcp:192.168.10.5:5001

kenako mutsegule 5001 pa firewall pamodzi ndi 2809. Ngati pakati pali NAT, moti adiresi imene ma client amaona si imene ili pa khadi la seva, siyani endPoint imvetsere pa giop:tcp::5001, ndiye muwonjezere -ORBendPointPublish yokhala ndi adiresi yakunjayo. Yoyamba ikunena pomvetsera, yachiwiri ikunena zolemba mu IOR.

Chenjezo apa, poti ambiri akamva za endPoint amathamangira kukailemba mu /etc/omniORB.cfg. Fayilo imeneyo imawerengedwa ndi pulogalamu iliyonse ya omniORB pa makinawo, omniNames yomwe. Mukaikamo port 5001, yoyamba kudzuka iilanda, zotsalazo zigwa polephera kuitsegula. Port ya aliyense ikhale pa command line yake, kapena aliyense akhale ndi fayilo yakeyake kudzera mu OMNIORB_CONFIG.

Nayonso omniNames imadwala matenda omwewa. Root context imapezeka kudzera mu corbaname, ndiye adiresi mwalemba nokha, koma ma context a m'kati ndi BindingIterator, chowerengera mayina chimene lamulo la list la nameclt limalandira, ali ndi ma IOR awoawo. Mukaona resolve ikudutsa koma list ikuima njii, dziwani kuti ndi zimenezi. Idzutseni motere:

omniNames -start -always -datadir /var/lib/omninames -ignoreport -ORBendPoint giop:tcp:192.168.10.5:2809

Mawu a -ignoreport akuiuza kuti isadzitsegulire port payokha, itsatire endPoint imene mwaipatsa. Popeza kaundula wanu akadali wamng'ono, ine ndingakonde kuti muimitse omniNames, musunthire kwina mafayilo a .dat ndi .bak, muyambe mwatsopano kuti ma IOR akale a adiresi yolakwika asatsalire.

Vuto lachitatu simunalitchule, koma mukakonza port mukumana nalo sabata yomweyo. RootPOA, POA yachizolowezi (gawo la omniORB losamalira ma object a pulogalamu yanu), imapanga ma object osakhalitsa: pulogalamu ikafa, IOR yake yafera pomwepo. Koma omniNames siidziwa za malirowo, imapitiriza kugawa IOR yakufayo. Pamene port inali yosinthasintha, client inkagogoda pa khomo lopanda munthu n'kulandira TRANSIENT. Tsopano poti port ndi yokhazikika, ifika ndithu kwa pulogalamu yatsopanoyo, koma iyo iyankha kuti object key imeneyi sindikuidziwa, ndiye muona OBJECT_NOT_EXIST. Nthawi zambiri gwero lake limakhala mu code: munthu waitana bind, yaponya AlreadyBound chifukwa dzina lilipo kale, iye waigwira exception n'kuimeza, kaundula watsala ndi IOR ya dzulo. Gwiritsani ntchito rebind nthawi iliyonse pulogalamu ikadzuka. Pa ma context musachite chimodzimodzi: itanani bind_new_context, ikaponya AlreadyBound muchite resolve ndi narrow pa imene ilipoyo, apo ayi mutaya mayina a anzanu amene analembetsa m'menemo. Client nayonso isagwiritsitse IOR imodzi moyo wake wonse. Ikalandira TRANSIENT kapena OBJECT_NOT_EXIST, ibwerere kukafunsanso dzina. Mukafuna kuti IOR ipirire ngakhale seva itazimitsidwa, pangani POA yanuyanu yokhala ndi PERSISTENT ndi USER_ID, pa port yokhazikika ija.

Za NotFound, exception imene imabwera dzina likapanda kupezeka, sindichulutsa. Dzina lililonse lili ndi mbali ziwiri, id ndi kind, zolekanitsidwa ndi kadontho. Akaunti ndi Akaunti.obj ndi mayina awiri osiyana, ndipo zilembo zazikulu ndi zazing'ono sizifanana. Exception imeneyi imabwera ndi chifukwa chake, missing_node, not_context kapena not_object, pamodzi ndi gawo la dzina limene linatsala. Zisindikizeni zimenezo m'malo mongolemba kuti zakanika.

Zikapitirira kuvuta, dzutsani client ndi -ORBtraceLevel 25. Muona adiresi ndi port zimene ikuyesa kufikira, mzere ndi mzere. Pa 40 imakhuthula uthenga wonse wa GIOP, chiyankhulo cha pakati pa client ndi seva, zomwe n'zochuluka kuposa zimene mukufuna pano. Muikenso clientConnectTimeOutPeriod, mwachitsanzo 5000, ndiwo masekondi 5 popeza imawerenga ma millisecond. Popanda iyo, firewall yongomeza mapaketi osayankha imasiya client ili duu kwa nthawi yaitali, inu n'kumaganiza kuti pulogalamu yauma.

Wina m'ma comment wanena kuti mungosamukira ku orbd, Naming Service ya Java. Sindikugwirizana nazo. Zida za CORBA, orbd ndi tnameserv zomwe, zinachotsedwa mu JDK kuyambira Java 11 mu 2018, ndipo port yachizolowezi ya tnameserv ndi 900, yomwe pa Linux imafuna root chifukwa ili pansi pa 1024. Komanso vuto la adiresi yolakwika mu IOR likutsatirani komweko. Ngati muli ndi client ya Java, JacORB, CORBA ya Java, imayankhulana ndi omniNames popanda chovuta, bola muipatse corbaloc::192.168.10.5:2809/NameService.

Musanaitsegulire netiweki yonse, kumbukirani kuti omniNames siifunsa password. Aliyense wofika pa 2809 atha kuchita unbind kapena rebind pa dzina lililonse, n'kulozetsa ma client anu kwa seva yake. Port imeneyo isaonekere pa intaneti, ndipo mu config ya omniNames muike mizere iwiri, woyamba serverTransportRule = 192.168.10.0/255.255.255.0 tcp, wachiwiri wa * none wokana ena onse. Mukayesa catior ija, tiponyereni mzere wa IIOP wokhawo pano tiuone.