Tiana ta mphaka tikudzandira: kodi nditisunge?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Zomba. Akuti mphaka wolowerera anaberekera pa mulu wa njerwa kuseri kwa nyumba yawo, kenako sanaonekenso kwa masiku awiri. Mayiwa anatola tiana titatu n'kutiika m'katoni. Kamodzi kakuyenda bwinobwino, koma tiwiri tikudzandira, tikugwera chammbali, ndipo mutu ukunjenjemera tikamafuna kudya. Tonse tikaona dzanja la munthu tikuchita "fuu!" n'kubisala. Oyandikana nawo akuti angotitaya, ena akuti pali za ufiti. Iwo akufunsa: kodi tikumva ululu, tichira, nanga tingazolowere anthu?

Mayi, zikomo kuti simunafulumire kutaya. Ndiyamba ndi chinthu choopsa, chifukwa kwathu kuno sitingachilambalale. Chiwewe chilipo m'Malawi, ndipo mphaka amachitenga monga galu. Nyama ya chiwewe nayonso imatha kudzandira. Choncho ana anu asagwire tianato ndi manja okha masiku oyambirirawa. Inuyo muzigwiritsa ntchito thawulo lokhuthala. Wina akalumidwa kapena kukandidwa mpaka magazi, tsukani balalo ndi sopo pa madzi oyenda kwa mphindi 15, ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo mukafotokoze. Musadikire kuti muone kaye.

Koma zimene mwalembazi zikundikumbutsa kwambiri vuto lina limene madokotala a ziweto amalitcha cerebellar hypoplasia. Kumbuyo kwa ubongo kuli kachigawo kamene kamayendetsa bwino miyendo ndi kusunga thupi kuti lisagwe. Mwa amphaka kachigawoka kamakula mochedwa, kumapeto kwa bere ndi masabata oyamba atabadwa. Mphaka wabere akagwidwa ndi kachilombo ka panleukopenia pa nthawi imeneyi, kachilomboko kamaononga maselo amene akuchulukana mofulumira, ndipo kachigawo kaja kamatsala kakang'ono. Mphaka waberewo nthawi zina saoneka n'komwe kuti wadwala. N'chifukwa chake m'bere limodzi wina amatuluka wabwinobwino, wina wodzandira pang'ono, wina wolephera kuima. Palibe amene walodza. Amphaka olowerera salandira katemera, ndipo kachilomboka kamatha kukhala m'dothi kwa chaka chathunthu.

Chimene ndikufuna mugwiritsitse ndi ichi: yang'anani ngati kudzandirako kukuipiraipira kapena kuli chimodzimodzi. Kamwana ka cerebellar hypoplasia kamadzandira kuyambira tsiku limene kanayamba kuyenda, pa masabata awiri kapena atatu, ndipo vutolo silikula. Kamatang'adza miyendo, kamanyamula phazi m'mwamba kupitirira muyeso, mutu umanjenjemera kakalunjika mbale koma kakagona kunjenjemerako kumatha. Maso ake ndi amoyo, kamadya mwadyera, kamasewera. Sikamva ululu ayi. Sikadzachira, poti ubongowo sungamerenso, koma kamaphunzira kukhala ndi thupi lake ndipo kamatha kufika zaka zofanana ndi mphaka wina aliyense.

Kamwana kamene dzulo kanali bwino lero n'kuyamba kudzandira ndi nkhani ina. Kakamatuluka dovu, kakakana chakudya, kakamasanza kapena kutsegula m'mimba, kakapendeketsa mutu mbali imodzi osawongoka, thamangani nako kwa a zaziweto. Chikhoza kukhala chiwewe, matenda a m'khutu, poizoni wa makoswe monga tameki, kapena njala chabe imene yatsitsa shuga m'thupi. Ngakhale tikuoneka tanthanzi, ndikupemphani mupite nato ku ofesi ya zaziweto ya boma lanu kuti munthu wodziwa atione ndi maso. Amene ali ku Lilongwe angafunse ku bungwe losamalira ziweto la LSPCA. Ndipo chonde, musapatse mphaka Panado ngakhale kachidutswa: amafa naye. Mankhwala ophera nthata a agalu nawonso ambiri ndi poizoni kwa mphaka.

Tsopano za kuweta, zimene ndimazikonda kwambiri kuzikamba. Ine ndinasungapo kamphaka kotere, ndinakatola kumbuyo kwa msika kali ndi maso abuluu. Maso amenewa amasintha mtundu pa masabata 6 kapena 7, ndiye ngati tanu tikadali ndi maso abuluu koma tikudya tokha, tili cha pa masabata 4 kapena 5. Mwatipeza pa nthawi yake. Mphaka amazolowera anthu mosavuta pakati pa masabata 2 ndi 7; akapitirira pamenepo zimathekabe, koma ntchito ya masiku imasanduka ya miyezi.

Tisungeni m'kachipinda kakang'ono kabata, kopanda kama kapena kabati yoti tingalowe kunsi. Katoni yogoneka chammbali yokhala ndi chitenje chakale ikwanira kubisalamo. Musasiye chakudya m'mbale tsiku lonse. Chakudya chizibwera ndi inu, kanayi kapena kasanu patsiku, ndipo mukaika mbale khalani pansi pomwepo, osati kuimirira. Musatiyang'anitsitse m'maso. Lankhulani motsitsa, kapena ingosankhani nyemba zanu muli chete. Tsiku loyamba mbale ikhale patali, mawa lake muisendeze pang'ono, mpaka idzafike pa mwendo panu. Kenako perekani nyama ya nkhuku yophika yosinja pa supuni, ndipo kamwana kakatanganidwa ndi kudya kasisiteni pamsana ndi chala chimodzi, kuchokera kumbuyo. Dzanja lobwera kumaso limaopsa.

Apa pali chinthu chimene chinandipweteka mtima nditachizindikira. Kamphaka kodzandira sikatha kuthawa, ndiye munthu umaganiza kuti kazolowera pamene kangouma ndi mantha. Kanga kaja ndinkakanyamula masiku oyamba ndikusangalala kuti ndi kofatsa, osadziwa kuti mtima wake ukugunda ngati ng'oma. Yang'anani makutu: akagona chambuyo, mchira utapindikira kunsi, kabwezeni pansi. Mukanyamula, kakulungeni m'thawulo n'kukagwira mokhazikika pachifuwa panu, miyendo yonse inayi itatsamira penapake, poti chimene kamaopa kwambiri ndi kulendewera. Mphindi ziwiri zokha, kenako chakudya. Ndinadziwa kuti tagwirizana tsiku limene kanadzandira kuchoka m'katoni, kanagwa kawiri panjira, n'kudzatsamira phazi langa kokha.

Musalekanitse tiwiri todzandirato ndi kanzawo kabwinobwino. Kolimba mtima kakayamba kudya pa mwendo panu, tinzake timatsatira. Kusewera n'kumene kumalimbitsa minofu, choncho kokani kachingwe pansi tizithamangitsa, tizigwa, tizidzuka. Mtima umafuna kutinyamula nthawi iliyonse tikagwa, koma tisiyeni tiyesere tokha.

Nyumba ndiyo muikonze. Simenti yopolishidwa imaterera, ndiye yalani mphasa kapena masaka kuti zikhadabo zizigwira, ndipo zikhadabozo musawenge. Mbale ikhale yolemera, yotakata, yosazama, muiike pakona kuti kamwana kazitsamira khoma kakamadya. Madzi akhale ochepa m'mbale kuopa kuti kangamizemo mphuno. Chimbudzi chake chikhale beseni lalikulu la mchenga, mbali imodzi mutaidula kuti pakhale potsika polowera. Ndowa za madzi zivundikirike, mbaula ikhale kutali. Mkaka wa ng'ombe umatsegula m'mimba. Perekani nkhuku, dzira kapena usipa, zonse zophika bwino ndi zopanda mchere, kapena chakudya cha ana amphaka cha m'sitolo ngati thumba likulola. Nsima yokha siikwanira, mphaka ndi nyama yodya nyama. Ngati muli ndi sikelo ya kukhitchini, tiyezeni tsiku lililonse: kamwana kathanzi kamawonjezera magalamu 10 mpaka 15 patsiku.

Poti kachilombo ka panleukopenia kaja kakhoza kukhalapobe, amphaka ena osabayitsa asayandikire, ndipo mbale ndi pansi muzitsuka ndi Jik wosungunula, kapu imodzi pa makapu 32 a madzi. Katemera woyamba ndi wa pa masabata 6 mpaka 8, wa chiwewe pa masabata 12, ndipo mufunsenso za mankhwala a njoka za m'mimba ndi za kutseketsa kubereka tikakula.

Chimodzi chokha ndikuuzeni mosabisa musanalonjeze ana anu. Mphaka wodzandira sangakwere mtengo pothawa galu, sangadumphe msewu, ndipo makoswe a m'nkhokwe sadzawagwira. Adzakhala wa m'nyumba moyo wake wonse. Ngati pakhomo panu sizingatheke, tiweteni mpaka masabata 8 kapena 10, tizolowere manja, kenako mufune munthu amene wamvetsa zimenezi musanamupatse. Mundilemberenso pakatha masiku 10, mundiuze ngati kudzandirako kwasintha ndiponso kuti mbale yafika pati.