Mafunso a Owerenga: Sangweji ya Nsomba Zam'chitini

Funso: Ndimakonzera ana anga sangweji ya nsomba zam'chitini kuti akadye kusukulu, koma pofika nthawi yopuma buledi amakhala atanyowa n'kumaphwasuka m'manja, moti wamng'onoyo wayamba kubwera nayo kunyumba osailawa n'komwe. Kodi ndikulakwitsa pati? *Mayi wa ana awiri*

Yankho: Mayi, mlandu suli ndi nsombazo ayi, uli ndi madzi amene zimabwera nawo. Nsomba zam'chitini zimatsekeredwa m'madzi a mchere, m'mafuta kapena mu msuzi wa tomato, ndipo buledi amamwa zonsezi ngati thonje, choncho ntchito yaikulu ili pa kukhetsa madziwo musanagwire buledi. Mukatsegula chitini musachotse chivundikiro, koma chikanikizeni pa nsombazo ndi supuni (osati ndi chala, pakuti m'mphepete mwake ndi mwakuthwa), kenaka mupendeketse chitinicho mpaka madzi atasiya kudontha. Mukatero khuthulirani nsombazo m'mbale n'kuziphwanya ndi foloko, koma musazipere mpaka kusanduka phala, chifukwa tizidutswa tooneka ndi maso ndi timene timakoma m'kamwa.

Chachiwiri ndi batala kapena majarini. Ambiri amapaka pakati pokha n'kusiya m'mbali, pomwe m'mbalimo ndi mmene chinyezi chimalowera. Pakani zigawo zonse ziwiri za buledi mpaka kumakona, popeza mafuta ndi madzi siziyanjana, ndipo batalayo amakhala ngati mpanda pakati pa nsomba ndi buledi. Ngati nthawi ilipo, yambani mwawamba bulediyo pang'ono pa chiwaya chouma, koma mumudikire azizire musanamuike m'kontena, apo ayi nthunzi yake yomwe idzamunyowetsa. Tomato ndi amene amawononga masangweji ambiri: mukafuna kumuika, chotsani njere ndi madzi ake, ndipo mumuike pakati pa masamba a letesi kuti asakhudzane ndi buledi.

Pa za kakomedwe, nsomba izi n'zonona komanso zamchere kale, ndiye zimafuna chinthu chowawasa ndi china chokhukhutuka potafuna. Madontho a mandimu, anyezi wodula tizidutswa ting'onoting'ono ndi nkhaka n'zokwanira. Ana akamadandaula kuti anyezi akuwawa, muvikeni m'madzi ozizira kwa mphindi 10 n'kumufinya. Mayonezi ndi wabwino, koma kunena zoona anthu timamuchulutsa. Supuni imodzi pa chitini chaching'ono ndi yokwana, ndipo ukapitirira apo umangomva mayonezi, nsomba osaimvanso. Mchere musathire musanalawe.

Chinthu china chimene simunafunse koma n'chofunika ndi ichi: nsomba ikatsegulidwa siyenera kukhala kunja kwa firiji kupitirira maola awiri, kapena ola limodzi kukatentha kupitirira madigiri 32. Ikani botolo la madzi oundana pambali pa sangwejiyo m'chikwama, ndipo pofika nthawi yopuma mwana adzapeza chakudya chili bwinobwino ndi madzi ozizira akumwa.

Funso: Amuna anga amatha nthawi yaitali akuchotsa minga mu masadini asanawaike pa buledi, ati mingayo ingawabaye pakhosi. Ine ndimangodya nayo. Akulondola ndani? *Wowerenga wokhulupirika*

Yankho: Bambowo musawaseke, chifukwa mantha awo anachokera ku nsomba yophika kunyumba, imene munga wake umabayadi. Koma nsomba yam'chitini imaphikidwa chitinicho chitatsekedwa kale, pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 121, kumene madzi owira mu poto wamba safikako, ndipo cholinga chake ndi kupha tizilombo tonse timene tingawononge chakudyacho. Kutentha kumeneku kumafewetsa minga kotheratu. Auzeni atenge kafupa kamsana ka sadini n'kukatikita ndi zala ziwiri, adzaona kakufumbutuka ngati choko chonyowa.

Pochotsa mingayo ndiye kuti akutaya kashiamu, mchere umene umalimbitsa mafupa ndi mano, umene mu nsombayi umapezeka kwambiri m'mingamo. Masadini alinso ndi vitamini D ndi mafuta a omega-3. Ngati maonekedwe a mingayo ndi amene amawanyansa, phwanyani nsombayo ndi foloko, ndipo sadzaionanso. Tuna, nsomba ina imene imabweranso m'zitini, alibe vuto limeneli chifukwa amadulidwa ku mnofu wa nsomba yaikulu, kungoti nsomba zikuluzikulu zimene zimadya zinzake zimasunga mekyule (chitsulo chapoizoni) wambiri m'thupi kuposa zing'onozing'ono, n'chifukwa chake amayi oyembekezera ndi ana aang'ono amalangizidwa kuti asamadye tuna pafupipafupi.

Funso: Ndimakhala ndekha ndipo chitini chimodzi sindichimaliza. Kodi zotsalazo ndingazisiye m'chitini momwemo? *Mnyamata wapantchito*

Yankho: Achimwene, zikhuthulireni m'kontena yokhala ndi chotsekera, chifukwa chitini chotsegula chimapatsa nsomba kafungo ka chitsulo, ndipo nsombayo nayo imanunkhitsa mkaka ndi zina zonse za mufiriji. Mufiriji yozizira madigiri 4 zidyeni pasanathe masiku atatu, ndipo ngati mulibe firiji gulani tizitini ting'onoting'ono totha kamodzi. Chitini chotupa, chochucha, chadzimbiri kwambiri kapena chopindika pamsoko chitayeni osalawa n'komwe, pakuti poizoni wa kachilombo ka Clostridium botulinum angathe kukhalamo nsombayo isakununkha kapena kusintha maonekedwe.