Tiyi wochepetsa thupi uja musagule

Achemwali, mwafunsa ngati tiyi amene akulonjeza kuti mutsika ndi makilogalamu 5 pa mlungu umodzi ndi wodalirika. Ine ndikuti ndalama zanuzo sungani.

Kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi imakhala ndi makalori (muyeso wa mphamvu ya m'chakudya) pafupifupi 7,700, ochuluka kuposa amene thupi limagwiritsa ntchito patsiku, choncho ngakhale mutagona ndi njala mlungu wonse, mafuta okwana makilogalamu 5 sangasungunuke. Chimene chimatsika pasikelo ndi madzi. Matiyi ambiri otere amaikamo senna, mankhwala otsegula m'mimba. Usiku wonse mumangokhalira kuthamangira kuchimbudzi, m'mimba mukupota, m'mawa n'kukwera pasikelo n'kumwetulira, osadziwa kuti mwataya madzi ndi potassium, mchere umene mtima umadalira kuti uzigunda bwino. Pakangopita masiku awiri mukudya ndi kumwa, sikelo ija yabwerera pakale.

Chimene chimandiopsa kwambiri ine ndi zomwe salemba papaketi. Mankhwala ochepetsa thupi otchedwa sibutramine anachotsedwa pamsika ku Ulaya ndi ku America mu 2010 chifukwa ankawonjezera chiopsezo cha matenda a mtima ndi sitiroko, koma amapezekabe atabisidwa m'makapisozi olembedwa kuti "achilengedwe". Ngati muli ndi BP, pamenepo ndiye mukuseweretsa moyo.

Kuonda mothamanga kumayambitsanso timiyala m'ndulu, ndipo minofu imatha limodzi ndi mafutawo. Madokotala amalangiza kutsika ndi theka la kilogalamu mpaka imodzi pa mlungu.

Ngati munayamba kale kumwa ndipo mtima ukuthamanga kapena tulo sitikubwera, lekani lero lomwe, mutenge paketiyo mukaionetse kuchipatala.