Chikepe cha pa Table Mountain ndi mulu wa miyala wa Maclear

Mayi wina amene amagwira ntchito ku Cape Town wanditumizira imelo yofunsa zinthu ziwiri: kuti chikepe choyenda pa zingwe chokwera phiri la Table Mountain chinayamba liti, ndiponso ngati dzina la Maclear limene analiona pa chikwangwani pamwamba pa phirilo ndi lomwelija la Cape Maclear ya ku Mangochi. Mayi, mwafunsa bwino, ndipo yankho la funso lachiwirilo ndi lakuti inde.

Ndiyambe ndi chikepecho. Kale aliyense wofuna kufika pamwamba ankakwera wapansi, kawirikawiri kudzera m'chigwembe cha Platteklip, momwe anadzera Mpwitikizi António de Saldanha mu 1503. Akuluakulu a mzindawo anaganizapo zomanga njanji yokwera phiri, koma nkhondo yoyamba ya dziko lonse inasokoneza zonse. Mu 1926 injiniya wa ku Norway, Trygve Strømsøe, anabwera ndi maganizo a zingwe, ndipo anthu achuma monga Alfred Hennessy, Ernest Oppenheimer ndi David Graaff anaikapo ndalama zawo. Ntchitoyo inaperekedwa kwa kampani ya ku Leipzig, ku Germany, ya Adolf Bleichert, ndipo chikepe chinatsegulidwa pa 4 Okutobala 1929.

Chimene munakwera inucho si choyambacho. Zinasinthidwa mu 1958, mu 1974, kenaka mu 1997 pamene anabweretsa zozungulira za masiku anozi, zimene zimanyamula anthu 65 ulendo umodzi n'kufika pamwamba m'mphindi pafupifupi zisanu. Pansi pomwe mwapondapo pamazungulira pang'onopang'ono, kotero kuti munthu amene anayamba ulendo atayang'ana thanthwe amapezeka akuyang'ana nyanja ndi chilumba cha Robben popanda kusuntha phazi. Kunsi kwa chikepecho kuli thanki ya madzi, amene amachilemeretsa kuti chisagwedezeke kwambiri ndi mphepo komanso amakagwira ntchito pamwamba paja. Mphepo ya kum'mwera chakum'mawa ikakula, ija imayala mtambo woyera pa phiri ngati nsalu ya patebulo, amangotseka, ndipo pamenepo palibe kudandaulira munthu.

Chimene alendo ambiri sachidziwa n'chakuti pamene chikepe chimakutsitsanipo si pa nsonga ya phiri. Siteshoni ya pamwamba ili pa mamita 1,067, pomwe nsonga yeniyeni ili pa mamita 1,086, cha kum'mawa, ulendo wa pafupifupi ola limodzi wapansi. Pamenepo pali mulu waukulu wa miyala wotchedwa Maclear's Beacon, umene Thomas Maclear anaunjikitsa kuti ukhale chizindikiro poyeza malo. Maclear, wobadwira ku Ireland, anali katswiri wa zakuthambo woyang'anira nyumba yoonera nyenyezi ya ku Cape Town, ndipo anali bwenzi la David Livingstone. Ndiye amene anamuthandiza kudziwa bwino kuyeza malo poyang'ana dzuwa ndi nyenyezi, ndipo Livingstone ankamutumizira manambala a m'maulendo ake kuti awaunike. Pofuna kumulemekeza, Livingstone anatcha dzina lake ndomo ija ya pa nyanja yathu, ngakhale kuti eni mudzi mpaka lero amati kwawo ndi ku Chembe. Zoterezi zinachitikiranso phirilo, pakuti Akhoi, anthu amene ankakhala kumeneko kuyambira kale, ankalitcha Hoerikwaggo azungu asanafike.

Ine ndikuona kuti mulu wa miyalawo, ngakhale ulibe kukongola kulikonse, ndi woyenera kuuyendera kuposa kuthera tsiku pa malo odyera a pasiteshoni. Mukadzapitanso, mayi, mudzanyamuke m'mawa, mudzatenge juzi ndi botolo la madzi, ndipo musanayambe kuyenda mudzafunse nthawi imene chikepe chomaliza chimatsika, chifukwa mtambo uja ukagwa njira ya ku mulu wa Maclear imasowa msanga.