Musanagule botolo lachitatu, werengani mbozi kaye

Funso lochokera kwa bambo wina wa ku Golomoti: "Alangizi, chimanga changa chafika m'mawondo koma ntchemberezandonda zandisowetsa mtendere. Ndapopera kawiri, masana dzuwa lili paliwombo kuti mankhwala aume msanga, koma masamba akadali obookabooka. Ndigule mankhwala ati amphamvu?"

Bambo, kalata yonseyi simunandiuze chinthu chimodzi chomwe ndimafuna kumva: pa mapesi 50, ndi angati omwe muli mbozi yamoyo? Simunawerenge. Mwangoona masamba obooka, mtima m'mwamba, ulendo kwa ogulitsa mankhwala. Tsamba likabooka silitsekekanso ngakhale mbozi itafa kalekale, ndiye ine ndikukayikira kuti ulendo wachiwiriwo munkapopera mabala akale. Komanso masana mbozi imakhala itabisala m'kati mwa nsonga, itadzitsekera ndi ndowe zake. Mankhwala anu anangotsuka masamba.

Mawa m'mamawa mame asanaume, tengani kope ndi pensulo. Siyani mizere ya m'mphepete, lowani m'kati, yendani mokhotakhota ngati mukulemba W m'munda monse. Imani malo 5, ndipo paliponse onani mapesi 10 otsatizana, osati kusankha okhawo ooneka odwala. Suzumirani m'nsonga. Ndowe zonyowa zonga utuchi ndiye kuti mwini wake alimo. Zouma ndi zakale. Tembenuzani masamba, mufufuze mazira ounjikana pamodzi, okutidwa ndi kaubweya kotuwa. Mukapeza mbozi yaikulu, yang'anani kumutu: ili ndi chizindikiro cha Y wozondoka, ndipo chakumchira kuli madontho anayi akuda okhala awiriawiri moyang'anana. Ngati mulibe zimenezi, mwina ndi kapuchi, yemwe amaboola phesi n'kukhala m'kati.

Chimanga chikakhala chaching'ono, mapesi 10 pa 50 akagwidwa, chitanipo kanthu. Chikakula n'kuyandikira ngayaye chimapirira, mutha kudikira mpaka mapesi 20. Zikachepera pamenepo, zala zanu n'zokwanira: tswanyani mazira, tolani mbozi.

Kwanu ku Golomoti muziwerenga kawiri pa sabata. Kumalo otentha, kuchoka pa dzira kufika pa gulugufe woikira mazira ena kumatenga pafupifupi mwezi umodzi, pomwe kozizira ngati ku Bembeke kapena ku Tsangano zimachedwa, nthawi zina mpaka miyezi iwiri. Gulugufe mmodzi amatha kuikira mazira oposa 1,000, ndipo chimanga chamthirira cha m'madimba ndi ku Bwanje chimazisunga chilimwe chonse, mvula ikagwa zingosamukira kumunda. Chilombochi kwawo ndi ku America. Chinaoneka koyamba kumadzulo kwa Africa mu 2016, ndipo pofika Disembala 2017 Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti maboma 20 ali pangozi chifukwa cha icho. Nyengo imeneyo ndinaona anthu akuthira chilichonse, ngakhale sopo wochapira, koma minda yomwe ndinaiona ikupirira bwino inali ya kasakaniza, ya nandolo ndi nyemba, makamaka yoyandikana ndi tchire.

Chifukwa chake n'chakuti m'munda simukhala mbozi zokha. Muli nyerere, akangaude, mavu, mbalame, ndi tizilombo tina tating'ono kwambiri toikira mazira athu m'mazira a mbozi. Zonsezi zimadya mdani wanu kwaulere, ndipo mankhwala opopera mwachisawawa amayamba kupha zimenezi. M'kope muja tsegulani mzere wina, muzilembamo mapesi omwe mwapezapo nyerere kapena kangaude. Pakatha masabata atatu mudzaona nokha mbali yomwe ikukwera.

Ine ndimakonda msuzi wa bonya. Wiritsani kambale kamodzi, uzizire, muthiremo shuga pang'ono, mudonthezere m'nsonga madzulo. Suupha mbozi, umaitana nyerere, ndipo nyererezo ndi zomwe zimakwera n'kukokera mbozi kunja. Mtengo wake sufika ngakhale theka la botolo lomwe mukufuna kugulalo. Ena amathira mchenga wosakaniza ndi phulusa, chabwino, koma ine msuzi sunandichititsepo manyazi. Chiwerengero chikapitirirabe, poperani, koma madzulo, molunjika m'nsonga, mbozi zikadali zazing'ono, mutavala zodzitetezera ndiponso motsata muyeso wolembedwa pabotolo.

Funso lina ndi la mayi wa ku Nsipe: "Mbewa zikufukula mtedza womwe ndabzala. M'munda munali mtengo womwe kadzidzi amalirapo usiku, ana anaudula chifukwa timaopa. Nditani ndi mbewazi?"

Mayi, pamenepo mwachotsa mlonda ntchito. Za malodza sindilowererapo, koma pitani pachitsa paja mukafufuze pansi. Mukapeza timibulu totuwa touma, tiphwanyeni ndi kamtengo: mupezamo ubweya, timafupa ndi tizigaza ta mbewa. Kadzidzi amameza mbewa yathunthu n'kulavula zosagayika, ndipo ofufuza za nyama amawerenga zigaza zomwezo kuti adziwe mbewa zomwe zili m'dera. Ndikuganiza kuti zanuzo ndi akapuku, omwe amaswa ana oposa 10 nthawi imodzi.

Kuti mudziwe kukula kwa vuto, madzulo tsekani mauna onse ndi dothi lofewa m'chigawo cha mapazi 20 mulitali ndi 20 mulifupi, m'mawa muwerenge otsegulidwa. Amenewo ndiwo muli mbewa, ndipo misampha ndi madiwa muike pamenepo, osati pa una uliwonse. Lambulani udzu wa m'malire, muzike mitengo iwiri kapena itatu yaitali yokhala ndi chopingasa pamwamba kuti akadzidzi ndi akabawi apeze potera. Anyamata osaka mbewa auzeni abwere ndi makasu, machesi asiye kunyumba. Poizoni musaike, poti mbewa za kwathu kuno zimathera pa mpani m'mbali mwa msewu wa M1.