Za gulu la Can: mmene linkajambulira nyimbo, amene linaimba nawo ndi amene analitsanzira

Achimwene, mwanena kuti mwamvetsera chimbale cha Tago Mago cha gulu la Can ndipo mwangomvamo ng'oma yobwerezabwereza ndi munthu wokuwa mawu osamveka, kotero mukufunsa chifukwa chimene oimba ena amalitamandira gululi komanso amene linagwira nawo ntchito. Yankho lagona kwambiri pa mmene anthuwa ankajambulira nyimbo zawo, chifukwa njira imeneyo ndi imene anzawo anatengera kuposa nyimbo zenizenizo.

Gululi linayamba m'chaka cha 1968 mumzinda wa Cologne ku Germany. Irmin Schmidt wa kiyibodi ndi Holger Czukay wa besi anaphunzira kupeka nyimbo kwa Karlheinz Stockhausen, katswiri amene ankapanga nyimbo ndi makina a magetsi ndi matepi. Jaki Liebezeit wa ng'oma anachokera ku jazi ya mtundu uja umene woimba aliyense amatsata zake popanda kugunda kumodzi kowamanga pamodzi, ndipo anali atatopa nayo, moti anasankha kuimba kugunda kumodzi mosasintha kwa nthawi yaitali. Michael Karoli wa gitala, amene anali wamng'ono pa onse ndipo anaphunzitsidwapo ndi Czukay kusukulu, ndiye anabweretsa kukoma kwa nyimbo za roko.

Anthuwa sankabwera ku situdiyo ndi nyimbo yolembedwa kale. Poyamba ankajambulira m'chipinda cha nyumba yakale yachifumu ya Schloss Nörvenich, ndipo kumapeto kwa 1971 anasamukira m'holo yakale yoonetseramo mafilimu ku Weilerswist, kufupi ndi Cologne, kumene anakhoma matilesi m'makoma kuti mawu asamabwerere, n'kutcha malowo Inner Space. Mmenemo ankangoyamba kuimba, tepi ikuzungulira, nthawi zina kwa maola ambiri. Makina awo ankajambula pa njira ziwiri zokha, kutanthauza kuti zida zonse zinkalowa pa tepi zitasakanikirana kale, ndipo munthu mmodzi akakweza chida chake mopitirira muyeso panalibenso njira yochitsitsira pambuyo pake. Aliyense ankakakamizika kumvetsera mnzake ndi kuchepetsa zake. Akamaliza, Czukay ankakhala pansi ndi lezala, n'kumadula tepiyo pamalo pamene ng'oma yagunda, kutaya mbali zimene zinali zozizira, ndi kumata pamodzi zidutswa zimene zinali ndi moyo. Nyimbo ya Yoo Doo Right, ya pa chimbale choyamba cha Monster Movie cha 1969, ili ndi mphindi pafupifupi 20, koma inadulidwa kuchokera ku kuimba kwa maola 6. Choncho zimene mukumva ngati chisokonezo zinasankhidwa mosamala kwambiri ndi munthu wa khutu lakuthwa.

Mawu osamveka amene mwadandaula nawo ndi a Damo Suzuki, mnyamata wa ku Japan amene Czukay ndi Liebezeit anamupeza akuimba mumsewu ku Munich mu 1970, n'kumutenga kuti akaimbe nawo pa siteji usiku womwewo. Iye analowa m'malo mwa Malcolm Mooney wa ku America, wosema ziboliboli, amene anabwerera kwawo atadwala. Suzuki ankasakaniza Chingerezi, Chijapani ndi mawu ongopeka, ndipo anzake ankaona mawu akewo ngati chida chinanso choimbira, chofanana ndi gitala kapena besi. Mukafuna uthenga m'mawu ake mudzakhumudwa ndithu.

Ndinganene kuti munayambira pa chimbale chovuta. Tago Mago ya 1971 ili ndi mbali ziwiri zosiyana: Halleluwah, ya mphindi zoposa 18, imayenda pa ng'oma ya Liebezeit imene siitopa ndiponso siisochera, pamene Aumgn ndi phokoso la m'chipinda limene ngakhale okonda gululi ena amalidumpha. Khutu limene linakulira pa ng'oma za pabwalo la gule siliyenera kuvutika ndi Halleluwah, pakuti limadziwa kale kuti ng'oma ikamabwereza chinthu chimodzi, kusintha kumachitikira mwa ena amene akuzungulira pa iyo. Yambani ndi Ege Bamyasi ya 1972, imene ili ndi nyimbo zazifupi monga Vitamin C ndi Spoon. Yachiwiriyi inali nyimbo ya sewero la pa TV lotchedwa Das Messer ndipo inagulidwa kwambiri ku Germany. Kenaka mupite ku Future Days ya 1973, yofatsa kuposa zonse, imenenso inali yomaliza ya Suzuki. Kuyambira 1975 anapeza makina a njira 16, ndipo kuona kwanga n'kwakuti kuyambira pamenepo nyimbo zawo zinayamba kuchepa mphamvu, popeza aliyense ankatha kukonza mbali yake payekha ndipo chifukwa chomvetserana chija chinachepa. Ngakhale zinali choncho, I Want More ya 1976 inatchuka ku Britain, ndipo mu 1977 analandira Rosko Gee wa ku Jamaica pa besi ndi Rebop Kwaku Baah wa ku Ghana pa ng'oma za m'manja, onse ochokera ku gulu la Traffic. Gululi linatha mu 1979.

Pa nkhani ya amene anagwira nawo ntchito, Czukay ndi Liebezeit ndiwo anayenda kwambiri. Liebezeit anaimba ng'oma pa chimbale cha Brian Eno cha Before and After Science mu 1977, komanso pa Flammende Herzen cha Michael Rother chaka chomwecho. Czukay ndi Liebezeit onse akumveka pa chimbale choyamba cha gulu la Eurythmics, In the Garden, chimene chinajambulidwa mu situdiyo ya Conny Plank n'kutuluka mu 1981. Anajambulanso ndi Jah Wobble, amene kale anali wa besi mu gulu la Public Image Ltd, ndipo Czukay anatulutsa zimbale ziwiri ndi David Sylvian, Plight & Premonition mu 1988 ndi Flux + Mutability mu 1989. Chimene Czukay ankabweretsa kwa anzakewa chinali wailesi ya shortwave, yogwira masiteshoni a maiko akutali, ndi matepi: ankatola mawu a oimba akutali n'kuwalumikiza ndi zida zake pamanja, zaka zambiri makina ochitira zimenezi asanafale. Nyimbo yake ya Persian Love ya 1979 ndi chitsanzo chokoma. Apa pali funso limene okonda Can sakonda kulikhudza, lakuti oimba amene mawu awo anatengedwa, monga a ku Vietnam a pa chimbale cha Czukay cha Canaxis cha 1969, sanadziwike mayina awo kwa omvera, pomwe wodula tepiyo ndiye anatamandidwa.

Za amene anatengera gululi, ndi bwino kutsata umboni wooneka, chifukwa masiku ano gulu lililonse loimba ng'oma yobwerezabwereza limanenedwa kuti linatengera Can. John Lydon anaika Halleluwah pa nyimbo zimene anasankha pa wailesi ya Capital Radio ku London mu 1977, nthawi imene anali mu Sex Pistols, ndipo zimene anadzachita mu Public Image Ltd, makamaka pa Metal Box ya 1979, zikuonetsa besi ndi ng'oma zikutsogolera pamene gitala ikungodutsa pamwamba. Gulu la The Fall linajambula nyimbo yotchedwa I Am Damo Suzuki mu 1985. The Jesus and Mary Chain anaimbanso Mushroom, gulu la Spoon la ku Texas linatenga dzina lake ku nyimbo ija ya sewero, ndipo Kanye West anagwiritsa ntchito Sing Swan Song pa Drunk and Hot Girls mu 2007. Opanga nyimbo pa kompyuta amakonda ng'oma za Liebezeit chifukwa n'zosavuta kudula ndi kubwereza popanda kugunda kusokonekera.

Mukadzazolowera zimbale zitatu zija, mudzafunefune The Lost Tapes ya 2012, imene inasonkhanitsa zina mwa zimene zinatsala m'matepi a gululi. Mukaiyerekeza ndi Ege Bamyasi mudzamva nokha kusiyana kwa zimene zinalowa m'zimbale ndi zimene zinasiyidwa pa nthawiyo.